Buledi wa Pamsomali

Margilan,
14 Epulo 2019

Okondedwa achemwali a Mavluda,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nukus kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndinafika kuchokera ku Korea Lolemba lapitali, koma za ulendo tidzakamba tsiku lina. Mumandidziwa, sinditha kuzungulira nkhani. Ndili ndi funso limodzi: kodi za dzino la amayi munkazidziwa?

Ndiyambe poyambira. Ndinatsika ndege dzino langa lakumbuyo, mbali ya kumanja, likundibaya ngati msomali. Lachitatu ndinapita kwa adokotala a mano. Analiboola, kuchotsa mtsempha wovunda, n'kutseka bowolo mongoyembekezera. Kenako anandiloza chala ngati mwana wasukulu: "Bambo Doniyor, musatafunire kumanja. Zolimba ayi, zotentha kwambiri ayi, mpaka tidzaliveke chisoti. Mukangolumira mtedza ling'ambika, ndiye tidzangozula." Ndinabwerera kunyumba mlomo uli dzanzi, tiyi akudonthera pachibwano. Masiku awiri ntchito yanga inali kuchukucha madzi a mchere, kumeza mapiritsi ndi kukalipira aliyense wodutsa. Amayi ankandiphikira phala la mpunga, osalankhula zambiri, mpango ataukokera mpaka pamphuno. Ine ndinkati ndi chimfine.

Lachisanu masana anaitana anansi kudzadya mpunga wondilandira. Titamaliza, amayi anakwera pampando n'kutsitsa buledi uja ndinaluma tsiku lonyamuka monga mwa mwambo wathu wa apaulendo, amene wakhala pamsomali zaka zitatu kudikira kuti ndidzamumalize. Anamuika patsogolo panga, wouma gwa.

"Dokotala wandiletsa," ndinatero. "Mukufuna nditaye dzino chifukwa cha mwala uwu?"

A Tolib oyandikana nafe aja anaseka. "Munthu wapirira zaka zitatu m'fakitale ya eni, lero akuthawa buledi. Viika mu tiyi, nkhalamba iwe. Ngakhale ine wa mano anayi ndingamuthe."

Ndinamutenga mokwiya kuti ndimuviike, maso anga n'kugwera polumidwa paja. Achemwali, mukukumbuka kuti tsiku lija ndinaluma chibenthu chachikulu, mpaka inu munanditcha ngamila. Apa panali pang'ono, popendekeka, ngati paluma mwana. Munthu wanzeru akanakhala chete mpaka alendo apite. Ine ndinanena mokweza pamaso pa onse: "Mano awa si anga."

Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono n'kutsitsa mpango uja. Mlomo wam'mwamba ndi tsaya zinali zotupa ngati alumidwa ndi mavu. Dzino la m'mbali latsala kachitsa kakuda, ndipo usinini ukutuluka mafinya. Masiku anayi m'nyumba imodzi, ine ndikudandaula za dzino langa lopakidwa mankhwala, osaona kanthu.

"Makoswe anamudya nyengo yachisanu yoyamba ija," anatero amayi. "Ndinadzuka m'mawa pamsomali patatsala chingwe chokha. Ndinati basi, mwana wanga sabwereranso. Ndikanapachika wofewa anthu akanazindikira. Ndiye ndinatenga wouma m'thumba n'kumuluma m'malo mwako. Dzino linalira kuti thyo."

"Zaka ziwiri, amayi? Chipatala chili apa pamsewu?"

"Ndikanakawauza kuti chandithyola n'chiyani? Komanso likamawawa mtima unkakhala pansi. Ndinkadziwa kuti buledi wako akadali pakhoma."

Sindinawakalipire. Inu mukudziwa kuti zimenezi sizinandichitikirepo chibadwire. Ndinangoti, "Valani nsapato, tikupita pompano."

"Sindipita mpaka umumalize."

"Si wanga buledi ameneyu."

"Ndi wako. Ndinangokubwereka mano."

Ndinamubenthula ndi chogwirira cha mpeni, kuviika mu tiyi wozizira, n'kumatafunira kumanzere monga ananenera adokotala. Amakoma fumbi ndi utsi. A Tolib ankangondithirira tiyi, nthabwala zonse zitawathera. Tsiku limenelo ndinangofika pakati, nsagwada zitatopa. Dzulo ndinapitiriza. Chidutswa chotsiriza ndameza lero m'mawa, amayi atakhala patsogolo panga ngati msilikali, mpaka anatola nyenyeswa pansalu n'kundiika m'dzanja.

Mawa tikupita tonse awiri. Ndawaimbira foni adokotala, ndipo atamva za mafinyawo anandikalipira kuposa momwe ine ndimakalipira anthu, ati tifike chipatala chikangotsegulidwa. Langa analipulumutsa. La amayi akuti mwina angozula, bola fupa lisakhale litayamba kuvunda. Mawu amenewo akundizungulirabe m'mutu.

Ngati munkadziwa, musavutike kudziteteza, sindidzakukalipirani. Ine ndinali nawo pafupi ndipo sindinaone. Ingobwerani. Akazulidwa adzafunika munthu wodziwa kuphika zofewa, ndipo phala langa ngakhale mphaka walikana.

Mundiperekere moni kwa alamu, ana muwapsompsone pamphumi. Amayi akupereka moni, ndipo akuti ndisakuuzeni chilichonse. Ndawayankha kuti achedwa. Ku fakitale akundidikira mwezi wa Juni, koma msomali uja ndauzula pakhoma, ndipo bowo lake ndalimata.

Ndine mlongo wanu,
Doniyor