Ndinasesa munda wa amuna anga, therere likukana

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 61, ndimasoka zovala pakhonde. Amuna anga anali kalipentala, anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Kuseri kwa nyumba yathu kuli kamunda kotsetsereka, dothi lake lofiira, lamiyala, loti khasu limachita kulira. Anthu ankati pamenepo sipangamere kanthu, koma iwo ankakololapo therere lofiirira, lalitali kuposa chala, mpaka kugawira mzere wonse wa nyumba.

Koma munda wawowo unali wauve, Aphungu. Udzu womweta m'mbali mwa msewu, makoko a mtedza, masamba ouma, zonse ankamwaza m'mizere. Zaka makumi atatu tinkakangana nkhani imeneyi. Ndinkati, "Bambo a ana, alendo akaona ati pano palibe mkazi." Iwo ankangoseka, n'kunena kuti, "Mayi, tsache lanu lizithera pakhonde. Kuno n'kwanga." Podzala ankayeza ndi ndodo yawo yoyezera matabwa, phando apa, lina uko, ine n'kumati akuwononga malo. Dzuwa likapendeka ndinkawamva akuimba mluzu m'mizeremo, pensulo ili kukhutu. Mluzu umenewo ndimausowa kwambiri.

Atapita ndinati ndiwalemekeze. Ndinasesa munda wonse, zinyalala n'kutentha, pamalo pangoti mbee. Ndinadzala mothithikana kuti therere lichuluke. Linamera bwino, koma dzuwa litawala sabata imodzi linafota, maluwa n'kuyoyoka. Chaka chathachi chimodzimodzi. Tsopano mbewu imene anasiya yatsala pang'ono, yosadzaza n'chikhatho chomwe, m'kabotolo ka mankhwala. Mlamu wanga akuti mbewuyo inapita ndi mwini wake. Mwana wanga wamkazi akuti ndisadzalenso, ndingoisunga ikhale chikumbutso. Mvula yayandikira ndipo ndikuopa kutsegula botololo. Nditani?

Mayi E. N., kumtunda kwa msika

Mayi E. N.,

Pepani ndi imfa ya bambo. Koma ndinene mosapsatira: mkangano wa zaka makumi atatu uja anapambana ndi iwowo. Zimene munkati uve zinali chofunda cha nthaka. Dothi lakumtunda silisunga madzi. Mukalisiya pambalambanda dzuwa limaliwotcha, mvula n'kudzakokolola kachonde kotsalako. Munasesa ndi mtima wabwino, koma munasesa chinyontho ndi chakudya chomwe. Kudzala mothithikana kuja kunangowonjezera akudya pa mbale yaing'ono. Alamu anuwo asiyeni alankhule, mbewu siitsata maliro.

Yambani sabata ino, mvula isanagwe. Mizere ipingase chitundacho, isatsetsereke nacho, kuti madzi aziima. Ngati ndodo ija inasowa, mkono wanu ndi wokwanira: kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, ndiwo mtunda wa phando ndi phando, ndipo pakati pa mizere musiye mikono iwiri. M'phando lililonse thirani manyowa owola bwino odzaza manja awiri, musakanize ndi dothi. Mudzaona ngati malo akuwonongeka, koma lezani mtima, mitengo ya therereyo ikakula malowo adzatsekeka okha.

Mvula ikalowa pansi, viikani njerezo m'madzi tsiku limodzi, kenako mudzale imodzi pa phando popeza n'zochepa. Dzalani theka, lina mudzadzale pakatha milungu iwiri, kuti ng'amba ikabwera isakulandeni zonse. Zikafika msinkhu wa chikhatho, phimbirani nthaka ndi udzu wouma wopanda njere, wochindikala zala zinayi. Udzuwo usakhudze tsinde, kuopa chiswe ndi kuwola. Ukachepa muwonjezere wina, ndipo manja akayamba kuyabwa kufuna tsache, bwererani pamakina mukasoke.

Likayamba kubereka, sankhani mitengo itatu yamphamvu muimangirire kansalu, telala sasowa chigamba. Imeneyo musathyolepo ngakhale limodzi, lisiyeni liumire pomwepo. Ndiyo mbewu ya chaka chamawa, ndipo pang'ono mudzapatseko mnansi wokhulupirika kuti isamakhale m'nyumba imodzi yokha.

Chenjezo langa ndi ili. Mwana wanu amakukondani, koma pa ichi chokha musamumvere. Njere ndi chinthu chamoyo, ndipo chaka chilichonse m'botolomo zina zimafa mwakachetechete. Zapirira kale zaka ziwiri, mwina sizimera zonse. Mukadikira zina ziwiri mudzatsala ndi timiyala. Chimene anakusiyirani bambo sichisungika pashelefu, Mayi. Kachikwirireni.

Aphungu