Wogwira Makwerero

Lachisanu

Callista 9:12
adadi ndafika kwanu ku Lanham koma simulipo. galimotonso palibe

Callista 9:13
muli kuti??

Adadi 9:31
Ndili ku Bay mwanangu, ku shedi ya association yathu ija. Akuti namondwe afika mawa masana

Callista 9:32
adadi plz. ntchito imeneyo munawasiyira a Medson ndi committee yawo. dokotala anati zokwera makwerero ayi

Adadi 9:40
🎤 voice note 0:52
"A Medson aweruka five, kuti afike kuno kukhala kutada. Tamvera. Aluminiyamu sachita dzimbiri, koma mphepo yamchere ya kunyanja kuno imadya mabawuti. Ukapanda kuwaona, malata onse amapita. Shediyi tinamanga mu 84, a Malawi kunja kuno tili mabanja asanu ndi limodzi okha, tilibe pokumana. Phwando la ubatizo wako tinachitira pansi pakepa. Chaka ndi chaka ndimaitsuka ndi madzi a pampopi, nkumanga mabawuti, amayi ako atandigwirira makwerero. Sindinadumphitsepo."

Callista 9:42
ndiye lero akukugwirirani ndani?

Callista 9:55
adadi

Callista 10:07
ndaimba katatu. tayankhani

Callista 10:20
mukapanda kuyankha ndikuimba 911, sindikucheza

Adadi 10:24
Usaimbe. Sindinakwere

Adadi 10:29
Ndinaimika makwerero bwinobwino, phazi pa sitepe yoyamba. Kenako ndinaitana amayi ako, ndinati a Edness gwirani. Mokweza ndithu. Ndinaima choncho kudikira kuti agwire

Adadi 10:31
Miyezi isanu ndi iwiri chiwaikireni m'manda, koma pakamwa panga sipanamvebe

Adadi 10:32
Ndangokhala pa benchi. Sipanala ili m'manja

Callista 10:41
inenso Lamulungu lapitali ndinawaimbira, ndimafuna kuwafunsa za chigamba cha diresi ya mwana wanga Sylvia. ndinadikira mpaka voicemail. ndinamvera mawu awo kawiri

Callista 10:41
sindinakuuzeni, ndimaopa kukulizani

Adadi 10:44
Uzindiuza. Kulira ndimalira kale

Callista 10:45
khalani pompo, ndanyamuka. 45 min. ndikwera ineyo, inu muzindilozera bawuti yake

Adadi 10:46
Iwe? Umaopa pamwamba chiyambire uli mwana

Callista 10:46
ndikuopabe lol. mungogwira zolimba basi

Adadi 10:48
Ndigwira mwanangu