Tirigu Wanga Akupita Kumtsinje Lachinayi

Aphungu,

Ndathedwa nzeru. Ndimagwira ntchito yofufuza za tirigu. Timaviika mbewu m'mankhwala kuti chibadwa chake chisinthe, kenako timawerenga chibadwacho kuti tione chasintha n'chiyani. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikusakasaka tirigu wosagwidwa chiwawu, mpaka dazi landituluka. Ndinamupeza, Aphungu! Timbewu makumi anayi tokha, kwina kulikonse kulibe.

Firiji ya kuntchito itafa, ndinabwera nato kunyumba mu envulopu n'kubisa m'firiji mwathu, kuseri kwa chambiko. Kenako ndinapita kumsonkhano masabata awiri. Pobwera, ogo! Apongozi anga, Mayi Parvaneh, ameretsa timbewu tanga m'mbale ya Nowruz, chikondwerero cha chaka chatsopano cha kwathu kuno, azunguliza kansalu kofiira, aika pambali pa galasi.

Iwo amvekere, "Inu akamwini, masukulu onse aja, mbewu n'kumaisunga pozizira ngati nyama? Taonani mmene yasangalalira!"

Tsono Lachinayi likudzali ndi tsiku la khumi ndi chitatu la chikondwererochi, lokataya msipuwo mumtsinje kuti upite ndi tsoka la pabanja. Ndinapempha mogwada. Akuti, "Mukufuna tsoka la chaka chonse ligone m'nyumba muno? Ndi bondo langa lowawali?" Mlamu wanga Shokufeh naye walumbira kuti amanga mfundo pamasamba omwewo kuti apeze mwamuna. Ndinagula mbale ina ya msipu kumsika kuti ndisinthanitse, koma apongozi anaizindikira asanavale n'komwe mandala. Mkazi wanga akungoseka mpaka misozi. Ine mantha andigwira. Nditani?

K. N., Karaj

A K. N.,

Pepani, nanenso ndaseka. Koma wolakwa ndinu. Chinthu cha zaka zisanu ndi chimodzi, osalembapo ngakhale "musakhudze"? Zosinthanitsa mbalezo zilekeni, mwagwidwa kale kamodzi.

Mwawerenga chibadwa mpaka mwaiwala zimene mbusa aliyense amadziwa: tirigu wanthete akadyedwa ndi nkhosa amaphukanso. Choncho gulani makeke, mukhale pansi ndi apongozi pa tiyi, muyamikire dzanja lawo, chifukwa lameretsadi. Kenako mupemphe mizu yokha. Shokufeh amange mfundo zake mpaka akhutire, inu mumete masambawo ndi sizasi, musiye timatsinde totalika zala zitatu. Masamba apite kumtsinje ndi tsoka lonse, la bondo lomwe. Ine chibadwire sindinamvepo kuti tsoka limatsikira kumizu. Timatsindeto muoke kalikonse pakepake tsiku lomwelo, ndipo abwana anu muwauze nokha asanamve kwa ena.

Koma chenjerani, zengerezu adalinda kwawukwawu. Lankhulani nawo lero, osati Lachinayi m'mawa. Mukachedwa mudzapezeka m'madzi olekeza m'chiuno, mukuthamangitsa ntchito yanu, banja lonse lili pamtunda kukuwomberani m'manja.