Tsiku Limene Abambo Anaonana ndi Abwana Anga

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Area 23 tilipo, tikupuma. Ndili ndi nkhani yoti mukanakhala pafupi bwenzi nditakugwetsani pampando pokukumbatirani, koma khalidwe lanu ndikulidziwa. Munkati munthu asamayambe za iye yekha asanafotokoze za pakhomo, ndiye ndiyambe ndi ena.

Achimwene a Madalitso ndi alamu ali ndi mwana wamkazi, anabadwa mvula ili pakati. Tinamutcha dzina lanu, ndipo mphuno ndi yanu yomwe ija, palibe angatsutse. Akayamba kulira mdadada wonse umadzuka. Kumunda kwathu ku Mitundu chimanga sichinachite bwino kwenikweni chifukwa feteleza tinathira mochedwa, koma mtedza wokha, eee, mukanaona! Mphaka wanu uja anatithawa, akukhala kwa aneba komwe amakazinga usipa tsiku ndi tsiku. Denga la kukhitchini likudonthabe pamalo pomwe paja.

Basi, za pakhomo ndanena. Amayi, ndapeza ntchito! Ntchito yeniyeni, ya makompyuta, ine Tiyanjane wanu yemwe uja wopanda pepala la kuyunivesite.

Mukuwakumbuka Che Amidu, a ku Mangochi aja ali ndi kashopu kosindikiza mapepala kumsika wa Chilinde? Maliro anu atatha, pakhomo pano panandikulira. Ndinkangoyendayenda m'nyumba osadziwa chogwira. Iwo ndi amene ananditenga kuti ndiziwathandiza kutayipa makadi a ukwati ndi makalata a anthu ofunsira ntchito. Makasitomala akachepa ankandilozera kompyuta n'kunena kuti, "Mwanangu, chinthuchi chisamangodya magetsi. Phunzirapo kanthu." Ndiye ndinayamba kuonera maphunziro aulere a pa intaneti. Poyamba mutu unkachita kuwira, ndinkabwerera kunyumba maso ali psuu. Koma pang'ono ndi pang'ono zinayamba kulowa, mpaka ndinapeza mbali imene inandikomera.

Ndikufotokozereni mmene mungamvere. Ena amapanga pulogalamu, chija chimachititsa kuti foni kapena kompyuta igwire ntchito inayake. Isanapite kwa anthu, pamafunika wina woiyesa, woidina paliponse, woipatsa zinthu zokhotakhota kuti aone pamene ingalakwitse. Zili ngati kusankha timiyala mumpunga usanalowe m'poto. Ndipo ndani ankapeza timiyala mumpunga woti inu mwaupeta kale? Munkandikalipira kuti, "Iwe Tiya, munthu wanji woona cholakwa paliponse? Apongozi ako adzalira!" Amayi, khalidwe loipa lija lero akundilipira nalo.

Musaganize kuti zinangobwera. Ndinafunsira malo ambirimbiri, ndipo paliponse mzere woyamba unali wa digiri. Ena sankayankha n'komwe. Masiku ena ndinkatsika minibasi pa siteji n'kuyenda pang'onopang'ono dala kuti misozi iume ndisanafike pageti. Kenako ndinaona kakampani kena ka ku Lusaka, kopanga pulogalamu yothandiza ogulitsa mankhwala kudziwa zimene zatsala m'sitolo. Iwo sanafunse pepala. Anangonditumizira pulogalamu yawo n'kuti, tiwonetse zimene ungapezemo. Ndinaikhalira pansi, Amayi! Ndinalowetsamo mankhwala oti anatha kale mphamvu, iyo n'kuvomera kuti agulitsidwe. Ndinalemba bwinobwino zimene ndinachita ndi zimene zinachitika, n'kutumiza. Sabata isanathe anandiimbira mayi wina, Mayi Tembo, mwini wake wa kampaniyo. Anati ndiyambe, andiyese kaye kwa miyezi ingapo, ndipo ndizigwirira kunyumba konkuno. Ndinakuwa mpaka Che Amidu anataya lumo lodulira mapepala.

Koma apa ndi pamene panayambira mavuto. Abambo mukuwadziwa. Munthu wagwira umesenjala ku Capital Hill mpaka kupuma, kwa iwo ntchito ndi kudzuka m'mawa, kupolisha nsapato, kukwera minibasi, madzulo n'kubwera utatopa. Tsono ine ndimadzuka, kusesa, kusamba, n'kulowanso kuchipinda. Ndimatseka chitseko, ndimavala zomvera m'makutu, ndimalankhula Chingelezi ndekhandekha, nthawi zina mpaka kuseka. Malipiro oyamba ndinagulira batire lalikulu kuti magetsi akathima ntchito isaime. Ndiye mdadada wonse ukakhala mumdima, kwathu kokha kuli ngwee.

Anthu a muno mumawadziwa kuposa ine. Ndikafika pa kiyosiki kukatunga madzi, azimayi ankangoti zii, ena n'kusuntha zidebe zawo. Ana amene ndinkawagawira maswiti anayamba kundithawa. Kenako zinandifika: akuti mwana wa malemu a Nabanda uja walowa za satana, amalankhula ndi mizimu m'chipinda, ndalama zimangomubwerera osatuluka thukuta. Zimenezo ndinaseka. Koma panali china chimene sindinaseke. Amayi, ankati ndinakuperekani inu nsembe. Ine. Ngakhale pano ndikamalemba mtima ukundiwawa.

Nkhani inayenda mpaka ku Likuni, ndipo azakhali, alongo awo a Abambo, anatulukira ndi kabotolo ka madzi odalitsa m'chikwama. Anawaza pakhomo la chipinda changa asanandipatse n'komwe moni. Atakambirana okha, Abambo anandiitana. Nkhope yawo inali itagwa. Anati, "Tiya, za anthuzi ine sindikuzikhulupirira, koma zakonso sindikuzimvetsa. Ntchito yopanda bwana sindinaionepo chibadwire. Ndiwaone abwana akowo ndi maso angawa. Apo ayi, makinawa atuluke m'nyumba muno."

Amayi, ndinauma. Makina akatuluka, ntchito yatha, chifukwa kwa Che Amidu phokoso la msika silingandilole kulankhula ndi anzanga a ku Lusaka. Komanso ndinali ndikadali pa nthawi yoyesedwa. Ndani amapita ndi bambo ake kuntchito ngati mwana wa sitandade wani? Ndinkaopa kuti Mayi Tembo aganiza kuti analemba kamwana kosakhwima maganizo, n'kundiuza kuti zikomo, tapeza wina. Ndinazengereza, ndinapemphera, kenako ndinangolimba mtima n'kuwauza zonse, ngakhale za satana zomwe. Mayi Tembo anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kuti, "Abwere Lachisanu m'mawa, ndiwaone atate ako."

Lachisanulo, mayo ine! Mukanakhalapo bwenzi nthiti zikukupwetekani. Ndinawafotokozera kuti abwana aonekera pagalasi la laputopu basi, koma Abambo anandisesetsa bwalo lonse mpaka kumsewu. Anasita jekete lawo lakuda lija, anamanga tayi, anapolisha nsapato mpaka kuwala. Ndinati, "Abambo, nsapato sazionatu." Anati, "Ndikuziona ine." Laputopu anakana kuti ikhale patebulo. Anaiika pampando wa alendo uja, atayalapo kansalu kanu koluka, iwo n'kukhala pa kampando kakafupi kuti asawapose abwana msinkhu. Azakhali anabwera ndi kapu ya thobwa pambale, anagwada, n'kuiika patsogolo pa laputopu. Kabotolo kawo kaja kanali kali m'manja kuseri kwa chitenje.

Nkhope ya Mayi Tembo itatulukira, Abambo anaimirira njo, manja m'mbali, n'kuyamba Chingelezi cha kuboma chimene anakhala akuchiyeseza kubafa. Sanafike nacho patali. Mayi aja anawomba m'manja mwaulemu n'kuti, "Atate, mwauka bwanji? Khalani pansi, ndine mwana wanu. Amayi anga kwawo ni ku Chipata." Abambo anatsegula pakamwa, anandiyang'ana, anayang'ananso galasi. Anati, "Aa! Kodi ndinu athu omwe?" Ndinaona mapewa awo akutsika.

Abambo anawafunsa ngati ofesi ilipo. Mayi Tembo ananyamula laputopu yawo n'kuzungulira nayo chipinda. Tinaona matebulo, zenera, anyamata ndi atsikana akutibayibitsa, wina ali ndi chimanga chootcha kukamwa. Anawafunsa chimene amapanga, iwo n'kufotokoza za mankhwala otha mphamvu aja, kuti chikhala kuti sindinaone, wina akanagulira mwana wake mankhwala osagwira ntchito. Apo azakhali analephera kupirira. Anasuzumira pagalasi n'kufunsa mosapsatira kuti, "Nanga inuyo mayi, mumapemphera kuti?" Ndinafuna nthaka ingondimeza. Koma Mayi Tembo anayankha bwinobwino, ndipo zinapezeka kuti amaimba kwaya mumpingo womwewo wa azakhali. Kabotolo kaja kanabwerera m'chikwama mwakachetechete.

Ine ndimati zatha. Koma Abambo anakonza tayi, anatsokomola, n'kuyamba kulankhula mwa mtundu umene sindinawamvepo. Anati, "Mayi, kwathu kuno mwana akayamba ntchito, kholo limakamupereka. Ndiye mwanayu ndakupatsani. Akalakwa mumudzudzule, akapitiriza mundiuze. Koma pali chimodzi ndikufuna muchidziwe. Pepala alibe, koma si kuti ndi wopanda nzeru. Kuyunivesite anasankhidwa. Chaka chomwecho mayi ake anadwala, ndipo iyeyu anasiya zonse n'kukagona pansi pa bedi lawo kuchipatala. Ankawasambitsa, ankawatembenuza, ankawamwetsa phala ndi sipuni, mpaka tsiku lomaliza. Ine ndinaona, ndipo sindinamuthokozepo. Anthu kuno akumunenera zoipa, ine bambo wake n'kukhala chete. Pepala limenelo tinamulanda ndife, musamuwerengere iye."

Azakhali anaphimba nkhope ndi chitenje. Ine ndinayang'ana kudenga kuti ndisalire pamaso pa abwana, koma sizinathandize. Mayi Tembo nawo anachotsa magalasi. Atawabwezera anati, "Atate, ndamulandira. Zomuyesa zija zatha lero. Uyu sitikubwezerani."

Ndalembedwa, Amayi! Ndalembedwa ntchito yokhazikika! Galasi litangozima azakhali analulutira mpaka agalu a kwa aneba anauwa. Thobwa la abwana lija anamwa okha, akuti lisawonongeke. Kenako ananyamula chidebe, chikhalirecho madzi anali odzaza m'nyumba, n'kulunjika ku kiyosiki. Sindikudziwa zimene anakanena kumeneko, koma mawu awo ankamveka mpaka pageti pathu, ndipo dzulo mayi wina amene ankandithawa uja wandifunsa ngati ndingamuphunzitseko mwana wake.

Inu munkalira kuchipatala kuja, mukuganiza kuti ndagona. Munkati, "Ndamudyera sukulu mwanayu." Ndinkakumvani, koma ndinalibe choti ndikuyankheni, chifukwa nanenso ndinkaopa kuti mwina basi, zanga zathera pomwepo. Lero ndili nalo yankho. Simunandidyere kanthu, Amayi. Ndikanati ndisankhenso, ndikanagonanso pansi pomwe paja.

Lachisanu lija, azakhali atapita ku kiyosiki, ndinawapeza Abambo pakhonde, akumasula zingwe za nsapato pang'onopang'ono, tayi ikadali pakhosi. Ndinakhala pambali pawo. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Tiya, uwauze amayi ako zimenezi. Ine ndikati ndiyambe, mawu amandithawa."

Ndiye ndakuuzani. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani lero kuposa masiku onse. Mwezi wamawa ndipempha tchuthi, ndibwera nawo Abambo kudzalambula pamene mwagonapo. Tikadzatha ndidzapita kukaima patali ndi khasu, ndidzawasiye nanu awiri, ndipo sindidzawafulumizitsa.

Ndine mwana wanu,
Tiyanjane