Mphini Zanu Makina Anaziyesa Litsiro

Amayi, kodi kumene mukukhalako masiku ano muli bwanji?

Kuno ku Kaomba tilipo, kungoti mawondo anga ayamba kulira ndikamadzuka. Mvula chaka chino inabwera bwino, koma makuponi a feteleza anachedwa, ndipo atafika anatiuza kuti thumba limodzi tigawane mabanja awiri, ine ndi a Gondwe, matenanti amene anachoka ku esiteti n'kudzapempha malo kuseri kwa dimba lanu. Chimanga tapeza chongotifikitsa m'dzinja. Mdzukulu wanu Naomi wabereka mwana wamkazi, wamakutu ngati anu, ndipo akalira mudzi wonse umadziwa. Fodya ndiye musafunse n'komwe. Koma zonsezi ndi moni chabe. Chimene chandikhazika pansi lero ndi nkhope yanu, amayi, zimene aichita nkhope yanu.

Tinagwirizana kuti chilimwe chino tikumangireni chiliza, poti mtumbira wanu wayamba kutitimira. Mlongo wanga Esinati, chitsiriza chanu uja, anati ziliza za masiku ano zimakhala ndi chithunzi, amachiwotchera pa kambale koyera n'kukamata pamwamba pa dzina. Ine sindinakane. Vuto n'lakuti chithunzi chanu tili nacho chimodzi chokha, chija anakujambulani pa ukwati wa Esinati yemweyo, mutaima kumbuyo kwa anthu ngati mwabwera kudzapempha mchere. Chinkakhala m'sutikesi. Denga linadontherapo, chiswe nacho chinalawako. Nkhope yonse ndi timadontho tokhatokha.

Ndiye Esinati anaitana mwana wake Limbani. Inu munamusiya ali kamnyamata ka miyendo ngati bango, pano ndi bambo wandevu, amakhala ku Lilongwe. Ntchito yake n'kujambula pa kompyuta nyumba zimene sizinamangidwe. Munthu asanaumbe ngakhale njerwa imodzi, iye amamuonetsa nyumba yake itatha kale, dzuwa likulowa pawindo, mthunzi wa mtengo utagona pakhonde. Bodza lokongola, ndipo amadyera momwemo. Anabwera ndi kakompyuta kake kopinda, n'kutipeza m'chigafa tikusankha fodya. Akuti, "Atsibweni, agogo ndiwaumba m'makinamu ngati woumba ndi dongo, ndiwayatsire kuwala, muwaone ngati ali moyo."

Anandifotokozera mmene zimakhalira, ndipo poti sukulu yanga ndi makutu, ndinamva. Akuti kuti chithunzi chotere chituluke, makinawo amayenera kufufuza mmene kuwala kukugwera pa kamalo kalikonse ka nkhope, ngati munthu woyenda m'munda kuona phesi lililonse. Koma kuyang'ana paliponse kumadya nthawi, ndipo ku Lilongweko magetsi amathima chithunzi chisanathe, basi kuyambiranso. Ndiye iye anatulukira njira yakeyake, imene akuti mpaka aphunzitsi ake anaiwombera m'manja. Makinawo amangoponya timaso tochepa, kena apa, kena apo, ngati wofesa mawere. Pamene pali povuta, monga m'maso ndi m'mbali mwa mphuno, amaponyapo tambiri. Pamene akuganiza kuti m'posalala, monga patsaya, amangolawa n'kudutsa. Malo otsalawo amangoyerekeza potengera oyandikana nawo. Pomaliza pamadutsa chosesa, chimene chimachotsa kadontho kalikonse kosafanana ndi anzake.

Ine ndinati, "Mphwanga, zimenezo wazitulukira iwe? Nanga ku okushoni amatani?" Mukudziwa inu amayi mmene amachitira ogula fodya. Kusolola kamtolo kamodzi m'belo, kukapotokola, kukanunkhiza, basi mtengo wa belo lonse wadulidwa, munthu ali chiyendere. Thukuta la chaka chathunthu kuliweruza ndi masamba odzaza dzanja limodzi! Limbani anangoseka. Akuti, "Komatu atsibweni, yangayi imadziwa posolola." Ndinati eya, nawonso ogula amanena choncho.

Patapita masabata Limbani anabweranso, titasonkhana tonse pakhonde la Esinati. Poyamba pagalasi la kompyutayo panangotuluka zinthu ngati mapira otayika pamkeka. Kenaka pang'onopang'ono mphumi, duku, makutu, maso. Esinati anayamba kulira. Ana anaombera m'manja. Ine ndinayang'anitsitsa. Mayi amene anatuluka pamenepo anali wosalala ngati sopo watsopano, ngati azimayi a pa kalendala ya m'golosale, oti sanagwirepo khasu, sanapserepo ndi dzuwa la ku Kasungu kuno. Mphini zanu panalibe.

Mphini zija, amayi, zimene anakutemani muli namwali, zimene ndinkazipapasa ndi chala mutandibereka kumbuyo mpaka munkandimenya dzanja. Ndinafunsa kuti zapita kuti. Limbani anakanda ndevu zake, akuti tsaya analiponyera timaso tochepa, ndipo chosesa chija chinaziyesa litsiro, chinazisesa pamodzi ndi madontho a chiswe. Litsiro! Ndinalavula pansi pamaso pa alamu anga, amuna a Esinati, sindinapepese.

Chimene chinandinyansa kuposa makinawo ndi pakamwa pa Esinati. Akuti, "Zili bwino choncho, achimwene. Zija zinali zachikunja, amayi anamwalira ali Mkhristu." Iyeyu pano ndi wamkulu m'gulu la amayi a kumpingo, ndiye akufuna pa tsiku la chiliza anzake aone kuti anabadwa kwa mayi wosalala. Ndinamufunsa kuti kodi abusa amene anakubatizani inu anakuuzani kuti mukayambe mwachotsa masaya? Suja munkanena nokha anthu akakusekani kuti, "Mulungu akadzandiitana adzandizindikira ndi zomwezi"? Esinati anati ine ndimakonda mikangano chifukwa ndakalamba. Ndinati iye anayamba kuchita nanu manyazi asanakalambe.

Limbani, mwana wa mtima wabwino ngakhale makina ake ndi akhungu, anatiletsa. Akuti, "Atsibweni, musapse mtima. Ingondiuzani pamene zinali, ndizibwezeretsepo, ndithireponso timaso tambiri kuti chosesacho chisazikhudze."

Ndinati mizere itatu, tsaya lakumanzere. Esinati, yemwe uja wosazifuna, n'kulumpha: "Bodza! Zinali masaya onse, iwiri uku iwiri uku, pafupi ndi makutu." Ndinatseka maso kuti ndikuoneni. Ndinaona duku lanu lofiira, ndinaona kabotolo kanu ka fodya wa m'mphuno, ndinamva mawu anu akundiitana kudambo. Koma ndikati ndiyang'ane patsaya, mphinizo zikusuntha, pena zili kumanzere, pena kumanja. Tinatulutsa chithunzi chakale chija padzuwa, mitu yathu itagundana. Palibe amene akanatha kunena kuti iyi ndi mphini, apa ndi pamene panadya chiswe.

Ndinakwera kabaza mpaka ku Santhe kwa a Nachisale, mnzanu amene munavinidwa naye limodzi, yekhayo wotsala. Ndinawapeza maso atachita khungu. Anandigwira kumaso, anafunsa mayina a ana onse, anaseka kuti inu munkaseka ngati nkhanga. Za mphini anangoti, "Tonse tinali nazo, mwanawe. Ndani ankawerenga za mnzake?" Kenaka anandikumbutsa kuti munamwalira musanawabwezere musi wawo.

Limbani anapanga zithunzi ziwiri, china cha mphini zanga, china cha mphini za Esinati. Pa changa munaoneka ngati mwakandidwa ndi mphaka. Cha Esinati ngati mlendo wochokera kutali amene wasochera njira. Ndinanyansidwa ndi makinawo, ndinanyansidwa ndi mlongo wanga, ndipo pobwerera kunyumba ndinanyansidwa ndi mutu wangawu, poti nawonso unangokulawani apa ndi apo zaka zonse zija, ndiye lero ukuyerekeza.

Ndiye ndalamula monga mwini mbumba. Pachiliza panu sipakhala chithunzi. Pakhala dzina lanu basi, ndi malo opanda kanthu pamwamba pake. Munkati mbuzi ya mwini sumanga pakhomo pako ngakhale inenepe bwanji, ndipo ine sindingagoneke mayi wa eni pamutu panu kuti adzukulu azimugwadira. Esinati sakundipatsa moni, akadutsa pakhomo panga amayang'ana ku mtengo wa mango. Mayi wosalala uja wamupachika pabalaza pake m'galasi, alinso m'mafoni mwa ana onse, ndipo Naomi ndinamumva akuuza khanda lake kuti, "Ona agogo aakulu." Kumeneko mphamvu zanga sizifika.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Mukapeza mpata, bwerani m'maloto masana ano kapena tsiku lina lililonse, poti ndimagona paliponse masiku ano. Musabwere ndi nkhani za mbuzi zanu, zinatha ndi chigodola kalekale. Mungoima pakuwala, mutembenukire uku, mutembenukire uko, pang'onopang'ono, ndiwerenge. Ndikadzuka ndidzamuitana Limbani. Mpaka tsiku limenelo, ndikukulonjezani, malo aja akhala opanda kanthu, ngakhale Esinati andikwiyire mpaka ndibwere kumeneko.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene munkati pakamwa pake sipauma,
Yotamu