Mbale Nambala 7

Lolemba, 11 Malichi

Nambala 7 yandichititsa manyazi pamaso pa labu yonse.

Zaka ziwiri ndakhala ndikulera maselo a m'kati mwa tsaya m'mbale zamanambala, ena ochokera kwa anthu otafuna mtedza wa binlang, uja umathamangitsa tulo koma n'kuwononga m'kamwa, ena kwa amene sanaulawepo. Ndikathira mankhwala aja, selo imene ikudyeka ndi okosijeni, monga chitsulo chimadyekera ndi dzimbiri, imawala mobiriwira pa maikulosikopu. Za otafuna ziziwala, za anthu abwinobwino zizikhala bii. Lero za abwinobwino zonse zinalidi bii, kupatula 7. Iyo ngwee ngati msika wausiku.

Adona, ndiye Tseng Ya-hui, wamkulu wathu mu labu amene chibadwire sanalakwepo, sanadikire n'komwe kuti ndikhale pansi. "Pei-shan, wasokoneza zolemba pa mbale. Anthu ena ntchito iyi si yawo." Pulofesa Hung angoti ndipeze cholakwika pofika pa 22, apo ayi lipoti lituluka popanda dzina langa.

Chimene sakudziwa n'chakuti 7 ndi achimwene anga, a Kun-da. Powazula dzino lakumathero mu Novembala, ndinawanyengerera kuti adokotala atengeko kanyama ka tsaya. Pa fomu anachonga okha kuti sanatafunepo. Bambo athu anapita ndi khansa ya m'kamwa, theka la nsagwada litachotsedwa, ndipo pamaliro achimwene analumbira zofukiza zili m'manja kuti binlang sadzamugwira. Ndiye 7 singawale. Wina wandiseweretsa mbale, ndipo ndikumudziwa.

Lachiwiri, 12 Malichi

Adona wandisamutsira ku shelefu yapansi m'chofungatira maselo, osandiuza. Ndamumva akuuza mnzake pa sinki kuti, "A ku Pingtung manja awo ndi a kumunda." Inde, kwathu ndi ku Pingtung, manja anga ndi a kumunda. Ake a m'tauni, a ku Taipei, ongodziwa kuloza.

Lachinayi, 14 Malichi

Ndatulutsa kabotolo ka 7 kamene ndinaumitsa mufiriji sabata imene tinatenga kanyama kaja. Zolembapo ndi dzanja langa, ndipo palibe wina anakagwirapo. Ndiyambiranso pachiyambi, ndione pamene Adona adzaike nkhope yake.

Masana ndinaimbira achimwene. Anali m'lole yawo ya miyala, injini ili phokoso.

"Achimwene, fomu ija munalemba zoona?"

"Iwe, tizilombo tako tikapenga usamandinamizire ine. Wadya?"

"Si tizilombo, ndi maselo anu. Mukutafuna chiyani?"

"Chingamu. Wasanduka wapolisi liti?"

Anaseka, inenso ndinaseka. Nditadula foni kuseka kuja kunandithera.

Lolemba, 18 Malichi

Maselo a m'kabotolo kaja akula msanga. Msanga kwambiri. Sindikuwakonda.

Lachitatu, 20 Malichi

Adona wakakamira kuti ayeze yekha. Wamata tepi pa manambala onse, wasakaniza mbale, ine wandiuza kuti ndiime kutali "kuti pasakhale zonena." Mfiti. Ndinaima pakhomo manja m'thumba, ndikumufunira zoipa zonse zimene ndikuzidziwa.

Lachisanu, 22 Malichi

Yawala. M'manja mwake, tepi ili pomwepo, mbale imodzi yawala kuposa za otafuna ena. Atamatula, 7. Anayezanso zizindikiro za kutupa, zili pamwamba, ndipo maselowo akuluka ulusi wokhuthala ngati wa pachipsera, uja umaumitsa tsaya.

Pulofesa ati sindinalakwe, dzina langa likhala pa lipoti. Ati wopereka kanyamayo ndiye ananama, tingomuchotsa pa mndandanda wa abwinobwino. Tingomuchotsa!

Adona anandipeza ndikutsuka mabotolo amene anali oyera kale. Mawu ake anali ofewa, ndipo zimenezo zinandinyansa kuposa chipongwe chake.

"7 ukumudziwa, eti?"

"Sizikukukhudzani."

"Pepa pa zija ndinanena. Koma mupititse akamuone. Asadikire."

Masabata awiri ndakhala ndikufuna kumugonjetsa, lero ndikanapereka chilichonse kuti iyeyo akhale wolondola, kuti ndikhale ine wa manja a kumunda amene ndinasokoneza mbale. Ndikuopa. Ndakwiyanso.

Loweruka, 23 Malichi

Ndakwera sitima ya m'mawa kupita kwathu. Amayi anaphika nkhumba ya tsabola. Achimwene, amene kale ankathira tsabola ngakhale pa mango, anakankhira mbale kumbali n'kupempha phala la mpunga. Akuti tsabola wa masiku ano akuwotcha. Ankadya ndi kasupuni ka tiyi.

Amayi atalowa kukhitchini ndinawakokera kuseri kwa lole.

"Zaka zingati?"

"Za chiyani?"

"Musandipusitse, achimwene. Nyama yanu ndakhala nayo miyezi inayi. Siinama ngati inu."

Anayang'ana matayala. Kenako anati, "Zisanu ndi zitatu. Maola khumi ndi anayi pa chiwongolero, ukuganiza munthu amakhala maso ndi chiyani? Ndimatsuka mano ndisanafike pakhomo."

"Ndiye fomu ija?"

"Unali chilili pambali panga ukumwetulira. Ndikanachonga pati?"

Ndinawatukwana. Ndinawakumbutsa nsagwada ya bambo, ndi amene ankawamwetsa phala ndi paipi. Bambo wamkulu wa zaka makumi anayi anangoima ngati mwana wakuba shuga.

Ndinawauza kuti ayasamule mpaka pomaliza. Kukiliniki timayeza ndi zala: munthu wabwinobwino amalowetsa zitatu zosanjikiza pakati pa mano. Zikakana, ndiye kuti binlang waumitsa masaya, ndipo khansa ikhoza kutsatira. M'kati mwa masaya munali mbuu, mizere yoyera yolimba mbali zonse ziwiri.

"Lowetsani zala zanu. Zitatu."

Analowetsa ziwiri. Chachitatu anachikankha, anachipotoza, misozi mpaka kulengeza, koma chinakana.

Anatulutsa zala, n'kuzipukuta pa buluku.

"Lolemba ndiperekeze kuchipatala," anatero. "Koma amayi ukawauze ndiwe. Ine pakamwa sipakutseguka."