Ng'ombe Yangayo Musaiphe

Mpadue, Tete

Okondedwa achimwene Horácio,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino nonse kumudziko. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa la ku Tete silisewera.

Uthenga wanu wa chiliza cha bambo wandipeza kudzera kwa woyendetsa galimoto ya mbatata. Akuti aliyense asonkhe simenti, ndipo ng'ombe imene bambo anandisiyira ine iphedwe kuti anthu adye tsiku la mwambo. Achimwene, mtima unandiwawa. Mwagwirizana zonsezi osandifunsa? Kodi mukudziwa mmene alili mwana wanga Joaninha?

Zaka zisanu ndi chimodzi, sakhala tsonga, sagwira chikho. Adokotala amati ubongo unavulala pobadwa, mankhwala ochiza palibe, koma kumamuwongola ziwalo kuchipatala sabata iliyonse. Mu shapa, minibasi za kuno, amatikana, ati mwana woumitsa miyendo amadya malo a anthu awiri, ndiye timakwera tshopela basi, njinga yamoto ya matayala atatu ya hayala ija, popita ndi pobwera. Onjezani matewera, mankhwala oletsa kukomoka, ndi phala la mkaka poti zolimba zimamutsamwa. Zili ngati kutunga madzi ndi dengu. Tsiku la kuchipatala banka langa la tomato kumsika limakhala chivundikirire. Bambo ake, a Tomás, amasenza matumba mpaka phewa kusupuka, koma zonse zimathera lenda ya nyumba.

Ndimamuberekabe kumsana, mapazi akundigunda m'mawondo. Ndatopa, achimwene, sindikubisirani. Ku Chingodzi kuli mmisiri wopanga mipando yamatayala ya ana otere, yokhala ndi chogwiriza mutu. Adokotala andichenjeza kuti akapitiriza kugona pamphasa, msana upindika osawongokanso.

Pempho langa ndi limodzi. Ng'ombe yangayo musaiphe. Kaigulitseni ku Ulongwe, ndalama munditumizire ndigule mpandowo. Ndikudziwa azakhali anena kuti tauni yandipatsa mwano, kuti mzimu wa bambo ukwiya. Anene. Anthu adzadya nyamayo tsiku limodzi, n'kupukuta pakamwa, ulendo kwawo. Bambo anagona kale, atha kudikira chaka china. Msana wa mwanayu sudikira. Mukaipha, pamwambopo musandiyembekezere.

Moni kwa amayi, alamu anga ndi ana onse. Azakhali nawonso muwapatse moni wanga, ndipo kalatayi muwawerengere yonse, osadumpha mzere.

Ndatha ine mlongo wanu,
Dalva